Mfuti Yoopa Mvula

Alamu anga a Fryson ndi munthu wophunzira, ndipo ndiyambe ndanena zimenezi kuti pasapezeke woganiza kuti ndikusimba za mbuli. Ndi injiniya kumalo opangira sitima zapamadzi ku Govan, ndi mkulu wa mpingo, ndipo amamanga tayi ngakhale popita kukagula anyezi. Anakwatira mng'ono wanga Atupele tidakali kumudzi. Titasamukira kuno ku Glasgow, ine Fanny ndinasanduka nkhoswe, mayi ndi malume nthawi imodzi, poti wachibale wina kunalibe. Koma unkhoswe wanga unali wongodya nawo nkhuku pa Khirisimasi. Banja lija silinandiitanepo pa mlandu mpaka pamene m'nyumba munalowa mfuti.

Bambo awo a Fryson anali mlenje wotchuka kwawo ku Kasungu. Mwana wawoyu mfuti sanaigwirepo, zake zinali mabuku, ndipo mdala atamwalira mfutiyo inangosowa monga zimasowera zinthu pamaliro. Ndiye imvi zitayamba kutuluka, mwana wawo Tisunge atapita ku yunivesite, alamu anayamba kulakalaka fungo la bambo awo. Anayenda m'maofesi mpaka anapeza chilolezo, anakhomera kabati yachitsulo kuchipinda, n'kugula kwa mzungu wina wokalamba mfuti ya gogodela yofanana ndi ya malemu.

Kwa amene simunaionepo, mfuti imeneyi imadyera kukamwa. Umathira wonga kukamwa kwake, n'kuikamo kansanza, kenako timipira ta mtovu, kenako kugogoda ndi ndodo ngati ukusinja. Pambali pake pali kambale kakang'ono ngati chikhadabo, momwe umathira wonga wina pang'ono. Ukakoka, mwala umamenya chitsulo, moto umathethekera m'kambalemo n'kulowa mkati, mfuti n'kulira. Kambaleko kakangonyowa, basi, uli ndi mpini wa khasu m'manja. Ndipo kuno ndi ku Glasgow, kumene mvula ilibe tchuthi.

Kunja kwa tauni kuli mlimi wina amene nyengo ya nkhwali ikafika, nkhwali zakuno za michira yaitali zija, amapatula Loweruka kuti pafamu pake pazisaka a mfuti zodyera kukamwa okhaokha. Amapitako azungu okalamba ochepa ndi agalu awo, ndipo Amalawi analipo awiri: alamu anga ndi Goodwill.

Goodwill ndi wa makompyuta, amakhala ku Shawlands, timapemphera naye limodzi, ndipo pakamwa pake palibe chitseko. Nayenso mfuti yake ndi yodyera kukamwa, koma yamakono, yakuda bii, thako lake la pulasitiki. Moto wake umayakira mkati motsekeka, mvula siufika. Alamu anaida mfuti imeneyi tsiku loyamba lomwe. Anapita kwa mlimi uja kukadandaula kuti imeneyo si gogodela, ndi mfuti ya asilikali yongonamizira zakale, ndipo wosaka nayo ndi wakuba. Azungu okalamba aja anagawanika, ena uku ena uko. Mapeto ake Goodwill anamulola, koma anamuika kumapeto kwa mzere, kudambo, kumene matope amalekeza m'mawondo. Anaseka, poti ndi munthu woseka, koma anasunga chakukhosi.

Ndiye mvula inayamba ntchito yake. Loweruka loyamba kunali mawawa. Nkhwali inauluka, alamu anakoka, mfuti inangoti khethe. Lotsatira kunali mvumbi, khethe. Kudambo kuja ya Goodwill inkangoti phuu, phuu, galu n'kumabwera ndi mbalame kukamwa. Alamu ankafika kunyumba atanyowa ngati nkhuku, thumba lili pepuu, nkhope ili ndwii.

Atupele ndi namwino pachipatala chachikulu chija cha kufupi ndi Govan, ndipo Loweruka nthawi zambiri amakhala pantchito. Akaweruka ankawalandira amuna ake ndi thaulo ndi madzi otentha. Tsiku lina, pofuna kuwatonthoza, anati, "Bambo a Tisunge, bwanji osangogula yonga ya a Goodwill ija? Ija siopa mvula." Alamu anangolandira thaulo. Mawu amenewa anangowapinda bwinobwino n'kuwasunga.

Chinaswa zonse chinali nthabwala ya pa tiyi, titatuluka m'tchalitchi. Ine ndinali pomwepo ndi sikono m'manja. Goodwill anafuulira patali kuti aliyense amve.

"Akulu ampingo, dzulo yakananso? Koma inu! Paja kwanu ku Kasungu mfuti ikakana amati chiyani? Si amati mlenje asamayang'ane mfuti, aziyang'ana kunyumba?"

Anthu anaseka, ena osadziwa n'komwe chimene akusekera. Ife okulira kumudzi tinadziwa. Alenje akale ankati mwamuna akalowa m'tchire, mkazi wotsala pakhomo azidzisunga, chifukwa akangoyenda ndi mwamuna wina mfuti imakana moto. Atupele anali kukhitchini akutsuka makapu. Anamva phokoso, anasuzumira, nayenso n'kuseka nawo osadziwa kuti nkhani ndi iyeyo. Kuseka kumeneko mpaka lero kumandiwawa. Alamu anamuyang'ana, n'kuika kapu pansi tiyi asanathe.

Munthu wa madigiri! Mkulu wa mpingo wolalikira motsutsa zithumwa! Sanamumenye ayi, a Fryson sangadetse tayi. Anachita zoposa kumenya. Anasiya kudya chophika Atupele. Ankabwera ndi tchipisi cha m'pepala n'kumadyera pamaso pake, mbale yawo ili chivundikirire. Bulangete anasamutsira pabalaza. Atupele akavula yunifolomu, iwo ankainyamula ndi zala ziwiri n'kuinunkhiza. Atupele akatuluka pachipata cha chipatala ankaona galimoto yawo itaima tsidya la msewu, koma akati ayandikire, galimoto inkanyamuka, iye n'kukadikira basi. Pa mapemphero a m'nyumba mwawo, tonse titatsinzina, alamu anapempherera akazi amene amachoka pakhomo atavala zoyera n'kubwerera ali akuda mkati. Amayi a Mvano anayankha ameni, aliyense diso limodzi lili chitsegukire.

Mng'ono wanga anawonda mpaka mphete inayamba kuvuka yokha. Atandiuza zonse, ndinawaitana awiriwo kunyumba kwanga ku Govanhill. Alamu anafika ndi tayi, anakhala pampando wa pazenera, chipewa pabondo.

"Alamu," ndinatero ine, "tandiuzani dzina la mwamunayo."

"Dzina sindikulidziwa."

"Munawaonapo ali limodzi?"

"Sindinawaone."

"Pafoni mwapezapo kanthu?"

"Amafufuta. Ndi wochenjera."

"Ndiye umboni wanu ndi uti?"

"Alamu, bambo anga anasaka ndi mfuti ngati iyi moyo wawo wonse, sinakanepo, chifukwa mayi anga anali mkazi wodzisunga. Yanga ikukana Loweruka lililonse. Ndipo Loweruka lililonse awa amati ali ku shifiti. Inuyo simukuona?"

"Ndikuona kuti Loweruka lililonse kukugwa mvula! Bambo anu ankasaka m'chilimwe, tchire litapsa, fumbi lili koboo. Akanabwera kuno akanasaka ndi ambulera. Nanga Goodwill wanuyo? Mkazi wake anathawira ku Leeds ndi mwamuna wina dzuwa likuswa mtengo, mpingo wonse ukudziwa. Mfuti yake yakanapo?"

Ndinaganiza kuti ndawapana. Iwo anangoseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akuyankha mwana.

"Ija si mfuti, alamu, ndi makina. Ilibe makutu, ilibe manyazi. Ingalire ngakhale mkazi atagona ndi mudzi wonse. N'chifukwa chake awa ankandikakamiza kuti ndigule yoteroyo. Ankafuna mfuti yosaulula."

Atupele anali atazolika, manja ali pakati pa mawondo. Atamva izi anadzutsa mutu.

"Chabwino, bambo a Tisunge. Kutsutsa galu n'kukumba. Loweruka likubwerali ndisinthana shifiti ndi mnzanga, ndipite nanu. Ndikaima pambali panu tsiku lonse, muzindiona ndi maso anu. Ikakana ine ndili pomwepo, mudziwa kuti si ine, ndi mvula. Mudzandipepese pamaso pa achemwali, ndipo mudzadye chakudya changa."

"Nanga ikalira?"

"Ikalira mudzachite chimene mtima wanu ukufuna."

Alamu anavomera msanga, msanga kwambiri, n'kuvala chipewa. Ine mtima unati myuu, koma ndinadzitonthoza. Kunali mu Disembala, mvula inali itagwa Loweruka lililonse chiyambire nyengo ya nkhwali. Mwana uja anaika ukwati wake ndi dzina lake m'manja mwa mvula ya ku Glasgow, ndipo kunena zoona ndinaona ngati waika pamalo odalirika.

Sabata imeneyo mvula inagwa ndithu. Inagwa Lolemba, inagwa Lachitatu, Lachisanu inkachita kumenya mazenera. Ine amene ndakhala ndikutukwana mvula ya kuno chitsikire ndege, ndinkaiyang'ana ngati m'bale wanga. Loweruka m'mawa ndinakoka katani. Thambo linali mbee, lopanda ngakhale kamtambo kopukutira m'mphuno. Madenga a galimoto anali mbuu ndi chisanu, mphepo itaima. Tsoka silinunkha.

Anadzanditenga, poti nkhoswe iyenera kuona yokha. Tinakwera galimoto n'kunyamuka. Atupele anavala jekete lake lamvula, zipi mpaka m'khosi, ngati kuti jeketelo liitana mitambo. Njira yonse nkhope inali pagalasi, akuyang'ana kumwamba.

Pafamu tinapeza azungu aja akupondaponda kuti afunde, agalu akutulutsa nthunzi m'kamwa. Goodwill atationa akazi awiri tikutsika, nkhope inagwa. Nkhani inali itamufika. Anabwera mothamanga, mfuti yake yakuda ili m'manja.

"Akulu ampingo, zija zinali zocheza. Ine ndinangopsa mtima ndi za kudambo zija. Mayiwa sindinawaonepo ndi munthu, ndikulumbira. Lero tengani yangayi, ine ndingoonerera."

"Zikomo a Goodwill. Pitani kudambo kwanu."

Goodwill anayang'ana Atupele. Anapita kudambo mutu uli pansi. Madzi akatayika saoleka, ndipo ine sindinamumvere chisoni ngakhale pang'ono.

Tinaima pamalo pa alamu, m'mphepete mwa kankhalango. Apa ndi pomwe maso anga anatseguka. Pamfuti panali mwala watsopano wakuthwa. Wonga unali wa m'botolo latsopano, ndipo anautulutsa m'thumba lamkati, pachifuwa, pofunda. Pakambale paja anamangirapo kachikopa kopaka mafuta. Atupele anandinong'oneza kuti azungu aja akhala akuwalangiza zimenezi kuyambira kale, koma iwo ankakana, ati bambo awo sankatero. Lero anachita zonse, kopanda ngakhale dontho limodzi kumwamba. Munthu uyu sanabwere kudzafufuza. Ankafuna kuti ilire. Kwa iye kunali kwabwino kukhala ndi mkazi wachigololo kusiyana ndi kuvomera kuti mfuti ya bambo ake imagonja kwa pulasitiki wa Goodwill. Ndinamuda mlamu wanga m'mawa umenewo, kumuda kwenikweni.

Ndinali ndi fulasiki ya tiyi. Ndinathira m'chivundikiro mpaka kudzaza. Alamu anali atagogoda kale, anachotsa kachikopa, anatsegula kambale, n'kutembenuka kuti atenge wonga. Kambale kali yasaa, ine ndili pafupi, pansi poterera ndi chisanu. Munthu wamkulu ngati ine kuphunthwa n'kutaya tiyi, ndani akanandiimba mlandu? Ndinaponya phazi.

Atupele anandigwira pamkono, kugwira kwa namwino, kosapweteka koma kosapulumutsika.

"Achemwali, ayi."

"Ndisiye, iwe. Kadontho kamodzi basi."

"Mukatero ndiye kuti ndavomera. Ine sindinalakwe. Ndikabe chilungamo changa chomwe?"

Ndinamuyang'ana. Milomo inali itauma ndi kuzizira, koma maso anali owuma kuposa milomoyo. Ndinamwa tiyi uja, anandiwotcha lilime.

Lipenga la mlimi linalira. M'kankhalango anthu anayamba kumenya mitengo ndi ndodo, agalu akuuwa. Atupele anaima pambali pa amuna ake monga analonjezera, phewa kukhudza phewa. Ndinkaona milomo yake ikugwedezeka. Mkazi wa mlenje amapempherera kuti mfuti ilire, koma uyu ankapempha kuti ikane. Kenako nkhwali yamphongo inatuluka pamwamba pa mitengo, mapiko phaphapha, khosi likunyezimira padzuwa. Alamu anaika thako la mfuti paphewa, anaitsata pang'onopang'ono, n'kukoka.

Mwala unati khethe. Panadutsa kamphindi kochepa ngati kuphethira kwa diso, ndipo ine mumtima ndinali nditayamba kale nthungululu. Kenako phuu! Utsi woyera unatiphimba tonse, fungo ngati la mazira owola. Utsi utayera, nthenga zinali zikutsika pang'onopang'ono, mbalame ili pansi ikugudubuzika paudzu.

Azungu anaomba m'manja. Mmodzi anafuula kuti potsiriza mfuti yakale yalankhula. Sankadziwa chimene akuombera. Mwini galu amene anali pafupi nafe anati amasule galu wake, koma alamu anakweza dzanja kumuletsa mwaulemu.

"Mayi a Tisunge," anatero mofatsa, "katoleni."

Atupele anayenda yekha paudzu woyera uja, anthu onse akumuyang'ana, ena akumwetulira poganiza kuti ndi mwambo wakwathu wolemekeza mkazi. Anawerama, anainyamula. Inali isanafe. Phiko limodzi linkamenyabe pa jekete lake, magazi akudontha kukamwa. Anabwera nayo ataifungatira.

"Ikadali moyo," anatero.

"Ipotokoleni khosi."

"Bambo a Tisunge..."

"Inu si namwino? Imalizeni."

Anaipotokola. Ndinamva kafupa kakuti tswa. Alamu anatulutsa mpango, anapukuta kambale mosamala ngati akupukuta mwana kukamwa, n'kunena osayang'ana munthu: "Mwaonatu, alamu. Akakhala pamaso panga imalira."

"Kulibe mvula, Fryson!" Ndinaiwala ulemu, ndinaiwala azungu. "Tayang'ana kumwambaku, chitsiru iwe cha madigiri! Kulibe mvula!"

"Tinapangana pamaso panu," anatero. "Za mvula sindinazitchule ine."

Sanaomberenso tsiku limenelo. Anati zimene anabwerera zatheka. Anatsanzika kwa mlimi mwaulemu wonse, anaika mfuti m'thumba lake lansalu, n'kuigoneka pampando wakutsogolo. Ife awiri tinakhala kumbuyo, nkhwali ili pamiyendo pa Atupele. Ndinalankhula njira yonse. Ndinatchula Tisunge, ndinatchula mpingo, ndinatchula zaka zonse zimene mwana uyu wawachapira ndi kuwasitira matayi amenewo. Ndinatukwana, ndinapepesa, ndinatukwananso. Iwo anangotsegula wailesi.

Titafika ku Govanhill anaimika galimoto pakhomo panga, pafupi ndi sitolo ya zipatso. Anatsika, anazungulira kumbuyo, anatsegula buti. Ndimaganiza kuti akutulutsa fulasiki yanga. Anatulutsa sutikesi yaikulu ya buluu, imene Atupele anabwera nayo kuchokera kumudzi, yodzaza mpaka zipi kukanika kutsekeka, kansalu ka yunifolomu katatulukira pambali. Sitinaime paliponse panjira. Sutikesi ija inali m'buti kuyambira m'mawa, mfuti isanadye wonga.

Atupele anaiona, anaimvetsa. Sanalire. Anangofunsa, "Munalongedza liti?"

"Alamu," anatero a Fryson, ngati sanamve, "m'bale wanu nayu, ndamubweza m'manja mwanu ali bwinobwino. Mbalameyo ikhale ndiwo zanu."

Anakonza tayi, analowa m'galimoto, n'kupita ndi mfuti yawo pampando wakutsogolo.

Ndinagwira sutikesi kuti tilowe, koma Atupele sanasunthe. Anaima pamsewu pomwepo, nkhwali ikulendewera m'dzanja, mutu wake ukugunda bondo. Anthu ankatilambalala ndi majumbo awo. Mwini sitolo anatuluka mofulumira n'kuyamba kukoka lona pamwamba pa malalanje ake, ndipo ndinadabwa kuti wathamangira chiyani. Kenako china chozizira chinandigwera padzanja. China pasutikesi, tho. China, tho.

Atupele anakweza nkhope kumwamba. Madontho ankamugwera pamphumi, m'maso, akutsikira m'khosi mwa jekete lija.

"Achemwali," anatero, "taonani. Yabwera."